Galimoto ya Amayi Ikumwa Kawiri

Durban,
6 Malichi 2023.

Mlongo wanga Tabeth,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumudziko, makamaka amayi ndi phazi lawolo. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito ya pa yadi ya magalimoto ikutithyola misana. Kalatayi ndapatsira a Benedicto, oyendetsa thiraki aja amene amadutsa pa Mchinji popita ku Chipata. Za foni ndatopa nazo. Ukakwera pachulu pako paja kusaka netiweki, ine ndimangomva mphepo ndi mawu a anthu ena.

Chinenereni dokotala kuti chilonda cha shuga cha amayi chizionedwa ku Boma pakatha masabata awiri alionse, mtima wanga sukhala m'malo. Munthu wamkulu ngati uja sangamayende mtunda wonsewo pa kabaza. Ndiye ndagula galimoto, ndipo ifika mwezi uno. Ndi yaing'ono koma yapamwamba, ya ku Jeremani, mipando yachikopa, eyakoni yoziziritsa m'kati, ndipo imakoka ndi mawilo onse anayi. Mchenga wa padambo ndi matope a dzinja sizidzaiopsa.

Chimene ndaikondera kwambiri ndi kamwedwe kake. Buku lake likuti lita imodzi ya petulo imayenda makilomita 14. Kupita ndi kubwera ku Boma ndi makilomita 90, kawiri pamwezi. Ndizitumiza ya malita 20, ndipo ena azitsala.

Amuna ako a Rabson adayendetsapo lole ya fodya, laisensi ali nayo. Iwo ndiwo aziwatenga amayi. Wopanda laisensi asakhudze chiwongolero, ndipo ndisamve kuti mwanyamuliramo mbuzi kapena matumba a soya. Undipatsire moni kwa amayi, alamu, ndi ka Shalom.

Ndine mlongo wako,
Timoteyo.

*

Mkanda,
18 Epulo 2023.

Achimwene,

Tikuthokoza Mulungu kuti muli moyo. Kuno tili bwino, mtedza tayamba kukumba. Galimoto inafika, ndipo mudzi wonse unabwera kudzaiona, ena mpaka kudziyang'anira nkhope pazitseko. Amayi anaizungulira ndi ndodo yawo n'kunena kuti, "Mwana ameneyu wandigulira nyumba ya mawilo." Anagwetsa misozi, ndisakunamizeni. Apita kale kuchipatala maulendo atatu, ndipo anamwino akuti chilonda chayamba kuuma m'mbali.

Koma achimwene, buku lanulo linalembedwa ndi munthu amene sanafikepo ku Mkanda. Malita 20 aja anatha mwezi usanathe. Ulendo wachitatu ndinachita kugulitsa nkhuku zanga zinayi. Komanso mafuta avuta kuno. Pa Boma mizere ikumafika kumsika, ndipo ukafika pa pampu amakuuza kuti atha. Timagula a m'zigubu kwa anyamata a kumalire, pa mtengo woti ukaumva umagwira pakamwa.

Palinso nkhani ya woyendetsa. Kodi munaiganizira bwino? Mukudziwa mmene zilili pakati pa amayi ndi bambo a Shalom. Ife tapeza njira yathu, koma ndi yaitali. Mukatha kuonjezerako ya mafuta, onjezerani.

Ine mlongo wanu,
Tabeth.

*

Durban,
15 Meyi 2023.

Tabeth,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti chilonda chikuuma, koma kalata yako yandisokoneza mutu. Ine ndimagwira magalimoto tsiku ndi tsiku, ndipo ndikudziwa kuti nambala ya m'buku ndi ya pamsewu wa tala. Mu mchenga, mawilo onse akukoka, eyakoni ikuzizira, ikhoza kutsika kufika pa makilomita 10 pa lita. Ngakhale choncho, malita 20 ayenera kukwana. Galimoto imeneyo ndinaiyesa ndekha kuchoka kuno kupita ku Pietermaritzburg, singano ya mafuta sinasunthe n'komwe.

Mwina matayala ndi ophwa. Awapope. Mwina alamu amaiponda ngati lole ya fodya. Uwauze kuti iyi imafuna phazi laulemu. Asamaisiye ikulira pamene amayi ali pamzere kuchipatala, ndipo petulo wa m'zigubuyo muzisefa, ena amathiramo palafini.

Za amayi ndi alamu, ngati anayambana, ayanjane. Ndi akuluakulu onse, ndipo ine sindingaweruze milandu ya pakhomo ndili kuno. Njira yaitali ukunenayo ndi iti? Msewu wa ku Boma ndi umodzi. Undilembere nambala ya makilomita imene ili pa dashibodi. Pamene inkachoka m'manja mwanga ndinaikopera, ndiye ndidziwa. Ndaonjezera ya malita 10, koma usaiwale kuti kuno ndalama sitithyola mumtengo.

Timoteyo.

*

Mkanda,
20 Juni 2023.

Achimwene,

Tadzuka bwino, kaya inu kumeneko. Kwazizira kuno, amayi akumakhalira kuothera dzuwa. Matayala tinapopa, petulo tikusefa ndi kansalu, ndipo bambo a Shalom amaiyendetsa ngati anyamula mazira. Nambala munafuna ija ndalemba kuseri kwa pepalali. Pagalasi laling'ono la pa dashibodi loonetsa kamwedwe ka mafuta pamaoneka 9, nthawi zina 10.

Amayi ndi bambo a Shalom sanayambane. Sanayambanepo chikwatiwire ine. Ndinkayesa mumva, popeza inunso munabadwira konkuno, koma zikuoneka kuti madzi a m'nyanja ya mchere amatsuka zambiri. Amayi andiletsa kuti ndisakuvutitseni ndi nkhani imeneyi, akuti mwana wachita kale zazikulu. Pachulu paja sindingainene, pamakhala anthu ngati pachigayo.

Ndingokuuzani kuti a Vitus akutithandiza. Ndi amalume awo a bambo a Shalom, amakhala tsidya la dambo cha kumalire. Laisensi ali nayo, monga munalamulira. Chilonda chatsala pang'ono kutsekeka, dokotala akuti tisadumphe ngakhale ulendo umodzi. Chonde ya mafuta isachedwe.

Tabeth.

*

Durban,
17 Julayi 2023.

Tabeth,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga ukuwawa. Ndachotsera nambala yako ku nambala yanga. Galimoto yayenda mtunda wowirikiza kawiri kuposa maulendo a kuchipatala. Siikudontha, siikudwala, ikumwa molingana ndi mmene ikuyendera. Funso ndi lakuti ikupita kuti.

Ndafunsa a Benedicto za a Vitus akowo. Akuti galimoto yoyera yachilendo imaoneka kawirikawiri panjira ya kumalire, m'mawa ndi madzulo, muli amuna awiri okhaokha, amayi mulibe. Ine si mwana. Ndikudziwa zimene zimadutsa m'njira zachidule zimenezo masiku ano a kusowa kwa mafuta. Kaya akunyamula zigubu, kaya aisandutsa takisi, zonse ndi kuba. Akubera ine, ndipo akubera phazi la amayi.

Munthu ndinamulemekeza, ndinamupatsa makiyi a chinthu chimene ine mwini sindinakwerepo kupita nacho kutchalitchi. Akuluakulu adati mkamwini asamakule mwendo. Ameneyu wakula mpaka wafika ku Zambia. Ndipo iwe ukumubisa, n'kumandilembera zophiphiritsa.

Kuyambira lero ndibwerera pa malita 20, osaonjezera dontho. A Vitus asadzakwerenso. Zikapitirira, galimoto ndigulitsa, ndipeze njira ina. Kalatayi uwawerengere alamu, usadumphe mzere.

Timoteyo.

*

Mkanda,
8 Ogasiti 2023.

Alamu,

Ndikupereka moni. Ine ndi ana tili bwino. Kalata yanu sanandiwerengere, ndinaipeza mayi a Shalom akulira nayo kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinawerenga ndekha.

Ndakhala pamudzi wanu uno zaka khumi ndi chimodzi. Nyumba ya apongozi ndinafolera ndine, chimbudzi ndinakumba ndine, munda wawo ndimalima ndisanalime wanga. Sindinatolepo ngakhale chitsononkho cha munthu. Lero ndamva dzina langa latsopano.

Sindiyankha zambiri, chifukwa nkhaniyi ikukhudza apongozi, ndipo si ine woyenera kuitchula. Galimoto yanu ndaitsuka, ndaiika pansi pa mtengo wa mango, ndaifunditsa lona. Mafuta alimo theka la thanki. Makiyi ali ndi mlongo wanu. Amalume anga ndawauza kuti apume, ndipo sindinawauze chifukwa chake, poti ndi munthu wamkulu amene anayendetsa ambulansi ya mishoni mpaka kupuma ntchito popanda womuloza chala.

Ine,
Rabson.

*

Durban,
19 Sepitembala 2023.

Tabeth,

Kodi muli moyo kumeneko? A Benedicto adutsa kawiri osabwera ndi kalata yako. Foni yako siikulowa. Ndinalandira ya alamu, ndipo ndaona kuti akwiya, koma funso langa sanayankhe. Munthu wosalakwa amangonena kumene amapita, basi.

Ya malita 20 ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Ngati alamu akunyanyala, pezani dalaivala wina pa Mkanda, alipo ambiri. Pali mmwenye wina ku Lilongwe amene akuifuna galimotoyo, koma ndamuuza adikire. Amayi akupita kuchipatala? Ndiyankhe.

Timoteyo.

*

Mchinji Boma,
24 Okutobala 2023.

Achimwene,

Moni. Ndikulemba nditakhala pakhonde la wodi ya amayi. Ali moyo, musadzidzimuke. Koma Lachinayi lapitali awadula zala ziwiri za kuphazi. Tsopano khalani pansi muwerenge, chifukwa lero sindiphiphiritsa, ndipo chiletso cha amayi ndachiphwanya.

Inu achimwene, mwaiwaladi kuti kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana? Bambo a Shalom akaona amayi akubwera panjira, amapatukira kutchire. Sadyera pamodzi, sayang'anana kumaso, akafuna kulankhulana amatuma ine kapena amalankhulira kuseri kwa chipupa. Ndi ulemu umene amayi anakulira, ndipo bambo a Shalom anausunga osadandaula. Ndiye inu mukutumiza kagalimoto koti munthu wakumbuyo mawondo ake amagunda mpando wa dalaivala, kagalasi kali pamphumi kakuonetsa maso a apongozi, n'kulamula kuti awiriwa atsekeredwemo mpaka ku Boma. Tsiku loyamba amayi anafika pachitseko, ataona amene wakhala kutsogolo anabwerera m'nyumba.

Njira yaitali ija ndi iyi. M'mawa bambo a Shalom ankapita tsidya la dambo kukatenga a Vitus, chifukwa mkuluyo bondo lake silimulola kupalasa njinga. Akafika nawo pakhomo, iwo ankatsika, a Vitus n'kutenga amayi ndi ine kupita ku Boma. Tikabwerako, bambo a Shalom ankawaperekanso kwawo n'kubwerera okha. Amuna awiri amene a Benedicto anu ankawaona ndi amenewo. Zigubu zake ndi zimenezo. A Vitus sanalandirepo kanthu, kupatula mtedza umene ndinkawapatsa m'kathumba.

Mudzafunsa kuti bwanji sitinathetse kuthawanako. Kumathetsedwa, inde. Ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, apongozi ndi mkamwini amapatsana nkhuku, n'kugwirana chanza. Koma chimwalirire amalume, mwini mbumba ndinu. Mutabwera ku maliro awo, a kwawo kwa bambo a Shalom anakuuzani nkhaniyi, inu n'kuseka, mumvekere, "Zachikale izo, tidzakonza ndikadzabweranso." Shalom anali kumsana nthawi imeneyo, pano ali Sitandade 2. Amayi akuti sangadumphe mwana wawo wamwamuna ngati kuti anafa.

Makiyi atabwezedwa, ndinafunsa madalaivala a pa Mkanda. Wina anafika akununkha kachasu, wina anati galimoto yopanda giya ya pamanja saidziwa. Amayi anabwerera pa kabaza, m'fumbi la Ogasiti lija. Anapita kawiri, kachitatu anakana, akuti msana. Ine ndinkatsuka chilonda ndi madzi a mchere, koma chinayamba kuda ndi kununkha. Sindinakulembereni chifukwa ndikanalemba mawu oti sitikanadzayang'anananso.

Lolemba sabata yatha, dzuwa lili pamutu, amayi anayamba kunjenjemera ndi kubwebweta. Ndinathamangira kudimba. Bambo a Shalom anangoponya khasu n'kunditambasulira dzanja kuti ndiwapatse makiyi. Kagalasi koonera kumbuyo kaja anakapindira kudenga. Ine ndinavula chitenje chapamwamba n'kuchimanga pakati pa mipando yakutsogolo ndi yakumbuyo, ngati katani ya m'nyumba ya chipinda chimodzi. Ndi mmene tinanyamukira.

Titadutsa pamlatho, amayi anatsitsimuka pang'ono. Anayang'ana chitenje chija n'kufunsa kuti, "Akuyendetsa ndani?" Ndinati, "Ndi apongozi anu." Anachikoka okha mpaka chinagwa. Anati, "Bambo, ngati ndikufa, ndife nditakuonani nkhope. Mwandifolerera nyumba zaka zonsezi, ine ndikungodziwa msana wanu." Bambo a Shalom sanacheuke. Anangoti, "Simufa, amayi, tafika kale," koma ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu. Pachipatala anawanyamula m'manja okha mpaka pabedi.

Dokotala akuti tikanachedwa tsiku lina, likanapita phazi lonse. Akutinso tikanapitiriza maulendo aja, sakanadula kanthu. Ndakwiya nanu, achimwene, ndipo sindibisa. Munafunsa za matayala, za sefa, za nambala, koma simunafunsepo kuti mlongo wanga, chikukuvuta n'chiyani. Mmwenye wanuyo muuzeni zimene mukufuna.

Tabeth.

*

Mkanda,
28 Novembala 2023.

Timoteyo mwana wanga,

Ndine mayi ako, Nabanda. Akulemba ndi Tabeth, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti akasintha limodzi ndidziwa. Ndili bwino. Ndatuluka m'chipatala, ndikuyenda ndi ndodo ziwiri. Mvula yagwa, anthu adzala, ine ndikungoyang'anira nkhuku pakhonde.

Kalata yako yopepesa yafika, tawerenga. Ndalama unatumiza pa foni ya apongozi anga, bambo a Shalom, ija abweza, uyenera kuti waiona. Usatumizenso. Munthu sumutcha wakuba papepala n'kumupepesa ndi foni.

Inenso ndili ndi mbali yanga, poti ndinatseka Tabeth pakamwa. Ndinkati ndikusungire ulemu wako wa mwini mbumba, kuti udzabwere wekha udzatikhazike pansi. Ndadikira mpaka zala zapita. Nkhuku ija ndapereka ndekha tsopano, tambala wofiira, a Vitus ali pomwepo. Apongozi anandipatsa thadzi. Tinadyera mbale imodzi, ndipo ndaona kuti munthuyu ali ndi mpata kumano. Zaka zonsezi sindinkadziwa.

Galimoto usagulitse. Ku Boma akunditenga ndi apongozi, ndipo ndimakhala kutsogolo. Amayendetsa bwino, koma salankhula, ndiye ndimalankhula ndine njira yonse. Petulo akugula okha ndi ndalama ya mtedza wawo. Akuti akuyendetsa mayi awo, sakuyendetsa galimoto ya munthu. Ya malita 20 ako ija Tabeth akuisunga, sitinaikhudze.

Tabeth akuti ndikuuze kuti pagalasi la pa dashibodi paja tsopano pakuoneka 12, ndipo thanki ikukhalitsa. Ine sindidziwa kuti 12 ndi chiyani, koma akuti ukamva usangalala. Zala zanga za kumapazi zatsala zisanu ndi zitatu. Uziwerengere pamodzi, poti kuwerengera umakutha.

Chatsala ndi ichi. Dzulo unaimba foni tili pakhonde tonse, netiweki inagwira mwamwayi. Apongozi atangomva mawu ako anaimirira, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kukaima kumunda mpaka unadula. Ndi mmene ankachitira akaona ine panjira. Kuthawana sikunathe pakhomo pano, mwana wanga, kwangosamukira kwa iwe.

Khirisimasi ino ubwere. Usatumize a Benedicto, usatumize katundu. Ukwere basi, utsike pa Boma, ugule tambala pamsika, ndipo ukwere kabaza mpaka kuno, uone msewu umene ndinayenda. Galimoto sidzakuchingamira, woyendetsa wake sanakonzeke kukhala nawe m'menemo.

Ndine mayi ako,
Esitele Nabanda.